MBIRI YA SITIMA YA MTOKOMA PA NYANJA YA MALAWI

Alendo ochokera ku maiko akutali akafika m'dziko la Malawi, ambiri a iwo amalakalaka kukwera sitima ya Ilala kuti akaone kukongola kwa nyanja. Amakhala pa nsanja ya pamwamba nayang'ana mapiri otsetserekera m'madzi, zilumba za milambe, ndi midzi yobisika m'magombe kumene galimoto safika. Koma ulendo umene iwo amauyesa wokasangalala unayamba pa chifukwa china. Sitima za pa nyanjayi zinaikidwa kuti zinyamule anthu, katundu ndi mtokoma, ndipo malo amene mlendo amaimapo najambula zithunzi anasankhidwa pakuti kunali anthu osowa njira ina yotulukira ndi yolandirira makalata. Nkhani ino ilongosola m'mene njira imeneyi inayambira, anthu amene anaivutikira, ndi chifukwa chake eni gombe amaiwerengera monga msewu wao.

NYANJA NDI MAGOMBE AKE

Nyanja ya Malawi, imene m'masiku a Atsamunda inkatchedwa Nyasa, ndi yaitali mamailosi pafupifupi 360, ndipo chakumpoto kuya kwake kumapitirira mapazi 2,000. Chakumwera gombe lake ndi lachidikha, kotero kuti munthu angathe kuyenda pansi kuchokera mudzi wina kufikira unzake. Koma kuyambira ku Nkhata Bay kunka kumpoto mapiri amatsika moongoka kulowa m'madzi, ndipo midzi monga Usisya ndi Ruarwe inakhala ngati yotsekeredwa, phiri kumbuyo, nyanja kutsogolo. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu nazonso zili patali ndi mtunda wa Malawi, pakuti zayandikana ndi gombe la Mozambique.

Sitima zisanafike anthu ankayenda pa mabwato osema, ndipo Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu ena anali ndi zombo za matanga zooloketsa minyanga ndi akapolo kunka kutsidya la kum'mawa. Wopalasa bwato anayenera kudziwa nyengo, makamaka miyezi ya chisanu pamene mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu masiku angapo osaleka. Uthenga unali woyenda pakamwa, ndipo mbiri ya maliro inkatha kufika kwa abale manda ataphuka kale udzu.

ILALA YOYAMBA

David Livingstone anafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, namwalira m'chaka cha 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dera la Ilala, limene tsopano lili m'dziko la Zambia. Patapita zaka ziwiri, mpingo wa Free Church of Scotland unatumiza gulu lodzayambitsa mishoni ya Livingstonia. Mtsogoleri wa ulendowo anali E. D. Young, ndipo pakati pao panali Dr. Robert Laws. Iwo anadza ndi kasitima kakang'ono kachitsulo, nakatcha Ilala pokumbukira malo amene Livingstone anafera.

Kasitimako kanakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire kufikira pa mathithi, pamene chombo sichingathe kupitirira. Pomwepo anakaphwasula, ndipo mafumu a Amakololo anasonkhanitsa amtengatenga pafupifupi 800, amene anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa mtunda wa mamailosi monga 60, m'njira za miyala ndi m'dzuwa la chilimwe. Mbiri ya mishoniyo imachitira umboni kuti palibe chitsulo chimene chinatayika panjira. Atakamanganso kumtunda kwa mathithi, kasitimako kanalowa m'nyanja pa 12 October 1875, ndipo kanali koyamba koyenda ndi moto pa madzi amenewa. Maina a Azungu a ulendowo analembedwa m'mabuku, koma a osenza aja sanalembedwe, ngakhale kuti popanda mapewa ao sitimayo ikadachita dzimbiri kunsi kwa mathithi.

Mishoniyo inayamba ku Cape Maclear, nisamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndiponso ku Khondowe m'chaka cha 1894. M'chaka cha 1878 anthu amalonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene inadziwika pambuyo pake ndi dzina la African Lakes, ndipo oyendetsa ake kuno anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi amene John ankavala. Kampaniyi inatenga Ilala ija, nionjezapo sitima zina monga Domira, zonyamula katundu, apaulendo ndi matumba a makalata.

Nawo a mishoni ya U.M.C.A. anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, ndipo chaka chomwecho sitima yao ya Charles Janson inayamba ntchito. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja m'chaka cha 1895 ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe, ndipo sitima yotchedwa ndi dzina lake inayamba kuyenda m'chaka cha 1901. Sitima za mishonizi zinkazungulira midzi ya kugombe la kum'mawa ndi aphunzitsi, mankhwala, mabuku ndi makalata.

MTOKOMA WA BOMA

Boma la Britain linakhazikitsa ulamuliro wake m'dziko lino m'chaka cha 1891, pansi pa Harry Johnston, ndipo ntchito ya positi inayamba chaka chomwecho. Masitampa oyamba anali a kampani ya British South Africa, odindidwa pamwamba zilembo za B.C.A. Ulendo wa kalata m'masiku amenewo unali wautali ndi wosinthasintha manja. Yochokera ku Ulaya inkatsika ku Chinde, pa matsiriro a Zambezi. Kuchokera uko inkakwera sitima ya pamtsinje kufikira ku Shire wakunsi, ndipo amtokoma ankaisenza pansi kukwera nayo ku Blantyre ndi kutsikira ku Matope. Pamenepo inkalowanso m'chombo kunka ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi, kumene sitima ya pa nyanja inkailandira kupita nayo ku Nkhotakota, ku Bandawe ndi ku Karonga.

Amtokoma oyenda pansiwo anali amuna olimba mtima, opyola nkhalango za mikango usana ndi usiku, ndipo pa doko lililonse la kumpoto ena ankadikira thumba kuti akwere nalo mapiri kunka ku maboma ndi ku mamishoni a kumtunda. Sitima nazonso zinali ndi njala yaoyao, pakuti zinkayenda ndi nkhuni. Motero m'magombe munaikidwa malo oolokerapo nkhuni, kumene anthu a m'midzi ankadula mitengo naiunjika kudikira tsiku la sitima. Waya wa lamya unafika m'mbali mwa nyanja chisanakwane chaka cha 1900, koma uthenga wa pa waya unali wolipira liu lililonse, kotero kuti munthu wamba anadalirabe kalata.

MAKALATA A OPITA KUNJA

Poyamba matumba a mtokoma anali odzaza ndi makalata a Azungu, koma sipanapite zaka zambiri zinthu zisanasinthe. Sukulu za ku Bandawe, ku Khondowe ndi pa Likoma zinatulutsa anthu ambiri odziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo msonkho wa nyumba umene Boma linaika m'zaka za m'ma 1890 unakakamiza amuna kukafuna ndalama. Popeza kugombe kunalibe ntchito zokwanira, anyamata ananka ku Blantyre, ku Salisbury, ku migodi ya Rhodesia ndi ya ku Joni, ena mpaka ku Cape Town. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito, la I.C.U., ku Cape Town m'chaka cha 1919.

Chingwe cholumikiza amuna amenewa ndi kwao chinali thumba la pa sitima. M'kalata munkakhala moni, mafunso a za mvula ndi minda ya chinangwa, malangizo a za sukulu ya ana, ndipo nthawi zina kapepala ka ndalama kokatengera ku positi ofesi. Ndalama zimenezo ndizo zinkalipira msonkho, kugula nsalu ndi kumangitsa nyumba za njerwa. Mayi wosadziwa kuwerenga ankapita nayo kalatayo kwa mphunzitsi wa m'mudzi, amene ankamuwerengera namulemberanso yankho. Mwamuna amene makalata ake analeka kufika, anthu ankayamba kumutchula mtchona. Pamenepo mkazi wake ankatsala pakati, wosadziwa ngati ali wokwatiwa kapena wamasiye, ndipo akuluakulu a banja ndi a mpingo ankasowa poweruzira. Tsono tsiku la sitima linali tsiku la chiyembekezo ndi la mantha pamodzi, pakuti thumba lomwelo linkabweretsa ndalama kwa wina ndi mbiri ya imfa ya mu mgodi kwa mnzake.

Mabungwe a eni dziko nawonso anakula ndi makalata. Bungwe la North Nyasa Native Association linayamba m'chaka cha 1912, Levi Mumba ali mlembi wake, ndipo la West Nyasa linatsatira m'chaka cha 1914. Mphamvu yao inali m'cholembera: ankakhala pansi, nakambirana za sukulu, za msonkho ndi za mavuto a opita kunja, nalembera Boma ku Zomba. M'masiku amene misewu ya kumpoto inkatsekeka ndi dzinja, nyanja ndiyo inali njira yodalirika ya makalata. Mabungwe otere ndiwo anagwirizana m'chaka cha 1944 kupanga Nyasaland African Congress.

TSOKA LA VIPYA

M'chaka cha 1935 mlatho wa pa Zambezi unatha, ndipo njanji inafika ku Salima kudzera pa Chipoka. Kuyambira pamenepo makalata ndi katundu zinkafika pa gombe ndi sitima ya pamtunda, ndipo ntchito ya pa nyanja inalowa m'manja mwa kampani ya Nyasaland Railways. Kampaniyi inaika sitima ya Mpasa, ndipo pambuyo pake inamanga ina yonyamula anthu, yotchedwa Vipya, imene inayamba maulendo ake m'chaka cha 1946.

Chimwemwe cha anthu sichinakhalitse. Pa 30 July 1946, Vipya itanyamuka ku Mbamba Bay, kutsidya la Tanganyika, inakomana ndi mphepo yoopsa, nigubuduzika kufupi ndi Florence Bay, kumene tsopano kumatchedwa Chitimba. Anthu 145 anamira, ndipo ochuluka a iwo anali eni dziko. Sitimayo inali isanathe ngakhale chaka chimodzi pa ntchito. Ili ndilo tsoka lalikulu koposa m'mbiri ya sitima za pa nyanjayi, ndipo linaphunzitsa omanga zombo kuti madzi amenewa, ngakhale alibe mchere, afuna chombo cholimba monga cha pa nyanja yaikulu.

ILALA YACHIWIRI

Phunzirolo linaoneka m'sitima imene inalowa m'malo mwake. Kampani ya Yarrow inaimanga ku Scotstoun, mu mzinda wa Glasgow, m'chaka cha 1949. Monga inachitira yoyamba ija, nayonso inadza yophwasula, koma ulendo uno zitsulo zinatsikira ku Beira, nizikwera njanji kufikira pa Chipoka. Anaimanganso ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, nipatsidwa dzina lakale lija la Ilala. Utali wake ndi mapazi 172, kulemera kwake matani 620, ndipo imanyamula anthu mazana angapo pamodzi ndi katundu. M'zaka zake zoyamba inkafikanso ku madoko a Tanganyika, ndipo m'zaka zina za pambuyo inkaima ku Metangula, m'dziko la Mozambique.

Sitima za pa nyanja zinaonanso masiku owawa a ndale. Pa 3 March 1959, Boma la Atsamunda litalengeza lamulo la nthawi ya chipolowe, anthu omangidwa a ku Nkhata Bay anaikidwa m'sitima ya Mpasa. Khamu la anthu linasonkhana pa doko kufuna abale ao, ndipo asilikali anaombera. Komiti ya Devlin, imene inafufuza nkhaniyi, inawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo. Chombo chimene anthu anazolowera kuchilandira ndi chimwemwe chinasanduka ndende tsiku limenelo, ndipo 3 March ndilo tsiku limene dziko limakumbukira ofera ufulu.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, Ilala inapitiriza ntchito yake pansi pa Malawi Railways. M'chaka cha 1975, patatha zaka 100 chilowere Ilala yoyamba m'nyanja, positi ya Malawi inatulutsa masitampa a zithunzi za sitima za pa nyanja, ndipo Ilala inali imodzi mwa izo. Motero sitima yonyamula makalata inayamba kuyenda pa makalata omwewo.

MAONEKEDWE A ULENDO

Kwa zaka zambiri Ilala inkanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, nifika ku Chilumba Lamulungu, nibwereranso ku Monkey Bay Lachitatu, ngakhale kuti mwera ndi kuchuluka kwa katundu zinkaichedwetsa kawirikawiri. Potuluka pa Monkey Bay imalambalala mapiri a miyala a ku Cape Maclear, kumene kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, okhazikitsidwa m'chaka cha 1980, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna. Pakati pa nyanja wapaulendo amaona mitambo yakuda yokwera kuchokera m'madzi ngati utsi wa moto wolusa. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kugombe amatikola napanga ndiwo. Usiku nyali za asodzi a usipa zimayala pa madzi ngati mudzi waukulu.

Pa Likoma mlendo amapeza milambe ndi tchalitchi lalikulu la Petro Woyera, limene linayamba kumangidwa m'chaka cha 1903. Kumpoto kwa Nkhata Bay sitima imayenda m'tsinde mwa mapiri, nkhwazi zikulira m'mitengo, ndipo kukacha bwino mapiri a Livingstone amaoneka kutsidya la Tanzania.

Koma chimene chimakhalitsa m'mtima mwa woona ndicho kutsika ndi kukwera kwa anthu. M'malo ambiri munalibe doko lomanga, kotero kuti sitima inkaponya nangula patali, niliza lipenga lake, ndipo amalinyero ankatsitsa maboti awiri opachikidwa m'mbali mwake. Anthu ankalowa m'madzi kufikira m'chiuno, ana ali kumsana, katundu ali pamutu, nthawi zina pakati pa usiku ndi pa mafunde. M'maboti monsemo munkadutsa matumba a ufa ndi a usipa wouma, malata, simenti, njinga, mbuzi, odwala opita ku chipatala, ndi ana a sukulu obwerera ku maphunziro. Pakati pa zonsezo pankadutsanso thumba la mtokoma, laling'ono poyerekeza ndi katundu wina, koma loyang'aniridwa ndi maso ambiri a pa mchenga. Mlendo wa pa nsanja ya pamwamba amaona zimenezi monga chionetsero; wa m'chipinda cha pansi, wogona pa matumba pakati pa anzake, amadziwa kuti ulendowo ndi wa moyo wake.

MASIKU A MISEWU NDI LAMYA ZA M'MANJA

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 misewu ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kumpoto inakonzedwa, ndipo makalata ambiri anayamba kuyenda pa galimoto. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula antchito a ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa a Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Kuchokera pamenepo ulendo wa ku migodi sunabwererenso pa mphamvu yake yakale. Pambuyo pake zinadza lamya za m'manja, ndipo lero mwana wokhala ku Johannesburg amalankhula ndi amake pa Likoma natumiza ndalama tsiku lomwelo. Thumba la makalata, limene linali ulemerero wa sitima, linapepuka.

Ngakhale zili tero, ufa, malata ndi munthu wodwala sizingayende pa lamya. Izi zinaoneka poyera m'zaka za 2012 ndi 2013, pamene Ilala inaima miyezi yambiri kuti aikonze. Anthu a pa zilumba ndi a ku Ruarwe anakakamizika kukwera maboti ang'onoang'ono pa madzi omwe aja anameza Vipya, ndipo katundu anavuta kufika. M'chaka cha 2021 sitimayi inakwanitsa zaka 70 ili pa ntchito, msinkhu umene zombo zochepa zonyamula anthu zimafikapo.

MAU OTSIRIZA

Mbiri imeneyi isonyeza kuti njira ya pa nyanja inamangidwa ndi manja ambiri: amtengatenga a pa mathithi a Shire, odula nkhuni, amtokoma okwera mapiri, amalinyero opalasa maboti usiku, ndi aphunzitsi owerengera amayi makalata. Ndalama za alendo okaona malo zimathandiza, ndipo palibe amene angazikane. Koma akulu anati mlendo ndi mame, ndipo tsiku limene chombo chatsopano chidzakambidwa, oyenera kufunsidwa poyamba ndiwo a ku Usisya, a ku Ruarwe, a pa Chizumulu ndi a pa Likoma, amene amatsala pa gombe alendo atapita.

Palinso ntchito ina imene mamembala angathe kuigwira osadikira Boma. M'masutikesi ndi m'mabokosi a m'midzi mukadali makalata akale ochokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena odyedwa ndi chiswe m'mphepete. Makalata amenewo asungidwe pouma, ndipo okalamba amene anaona Ilala ikali yatsopano afunsidwe akali ndi moyo, mau ao alembedwe. Maina a osenza zitsulo a 1875 anatayika chifukwa panalibe wowalemba, ndipo sikuyenera kuti a olemba ndi olandira makalatawa atayikenso m'njira yomweyo.